Eni mpikisano ali kumbuyo kwa gulu

Lamulungu pa 19 Okutobala 2025, kunja kusanayere, anthu pafupifupi 24,000 mumzinda wa Cape Town anali atamanga kale zingwe za nsapato, nambala zili pachifuwa, ambiri ali panjira yopita pamalo oyambira. Cha m'ma 5 koloko uthenga unalowa m'mafoni awo wonena kuti mpikisano wa Cape Town Marathon sukhalapo. Chimphepo chinali chitaomba usiku wonse n'kusasula matenti ndi zotchingira msewu, ndipo okonza mpikisanowo anakana kuika miyoyo ya anthu pachiswe. Munthu amene anatha miyezi akudzuka tambala asanalire, amene anadzimana kuti apeze ya basi ndi ya malo ogona, anabwerera kwawo nambala yake isanalawe thukuta.

Zinali zowawa. Koma wothamanga wamba wa ku South Africa atakhala pansi mu Disembala kuwerengera za chaka chake, tsiku limeneli silinamudyere chaka chonse. Mu Novembala kunali Soweto Marathon. Loweruka lotsatira lomwe kunali makilomita 5 aulere kupaki ya kufupi ndi kwawo. M'mbuyomo anali atathamanga kale mu Malichi, mu Epulo ndi mu Juni. Dziko limenelo linamukonzera wothamanga wosatchuka kalendala yodzaza, ndipo linaphunzira kumulemekeza ngakhale atafika kumapeto dzuwa likulowa. Zinthu ziwirizi ndi zomwe masewero othamanga a kuno ku Malawi akusowa kwambiri, kuposa ndalama za mphoto zomwe zimadzaza nkhani za pawailesi mpikisano ukayandikira.

Wothamanga wamba ndi mphunzitsi, namwino, mlonda, mayi wogwira ntchito ya m'nyumba, dalaivala wa minibasi, bambo wopuma pantchito amene adokotala anamuuza kuti BP yakwera. Pakati pawo pamapezekanso Amalawi ndi Azimbabwe amene anapita ku Joni kukasaka ntchito, kenako n'kulowa makalabu a m'madera omwe akukhala. Munthu wotereyu salimbana ndi akatswiri a ku Kenya kapena ku Ethiopia. Akatswiriwo mwina sawaona n'komwe, chifukwa mfuti yoyambira ikamalira iye amakhala ali kutali kumbuyo, m'chinamtindi cha anthu. Amene akulimbana naye ndi wotchi, ndi nthawi yomwe anapanga chaka chatha. Chaka chikamatha amakumbukira tsiku lomwe anamaliza makilomita 10 ola lisanakwane, mwezi womwe bondo linamuvuta, ndi chitunda chomwe chinamuyendetsa pansi, chimene akufuna kukachibwezera chaka chamawa.

Chaka chakecho chimayambira pa zazing'ono. Pa 2 Okutobala 2004, Paul Sinton-Hewitt, yemwe anakulira ku South Africa, anasonkhanitsa anthu 13 ku Bushy Park mumzinda wa London kuti athamange makilomita 5. Iye anali atavulala, choncho anagwira wotchi n'kumalemba nthawi za anzakewo. Mwambo umenewu, womwe lero umatchedwa parkrun, unafika ku South Africa mu 2011 kudzera mwa Bruce Fordyce, n'kuyambira ku Delta Park mu Johannesburg. Kachitidwe kake sikanasinthe: Loweruka lililonse m'mawa, makilomita 5, osalipira kalikonse, ndipo oyendetsa zonse ndi anthu ongodzipereka. Wofuna kuyenda pansi amaloledwa. Pamakhalanso munthu wosankhidwa kuti aziyenda kumbuyo kwa onse, n'cholinga choti wina aliyense asachite manyazi kuti ndiye wotsiriza. Ndi kanthu kakang'ono, koma kabweza pamsewu anthu ambiri amene anasiya kuthamanga ali kupulayimale atasekedwa ndi anzawo.

Amene wazolowera makilomita 5 amalowa kalabu. Makalabu kumeneko alipo mazanamazana, ali pansi pa bungwe la Athletics South Africa, ndipo membala amalandira nambala ya chaka chonse yomwe amaivala pamalaya a kalabu yake. Makalabu ambiri amakhala ndi madzulo amodzi pakati pa sabata oyesera liwiro pamtunda wodziwika, komanso ulendo wautali wa m'mawa kumathero a sabata. Kumeneko n'kumene wongoyamba kumene amamva kwa akuluakulu kuti nsapato yatsopano siyambidwira tsiku la mpikisano, kuti m'khwapa ndi m'ntchafu mumapakidwa mafuta kuopa kusupuka, kuti wolusa pa makilomita oyamba amalira pa omaliza, paja kuthamanga si kufika. Chofunika kwambiri n'chakuti makalabu ambiri amakonza mpikisano wawo kamodzi pachaka, ndipo tsiku limenelo mamembala amavula nsapato n'kuima m'misewu kugawa madzi ndi kulozera anthu njira. Ichi ndicho chimadzazitsa kalendala. Si boma limene limakonza mipikisano yonseyo, si kampani imodzi. Ndi othamanga eni ake, kusinthana ntchito.

Kuyambira Januwale mpaka Meyi, maso a ambiri amakhala pa chinthu chimodzi, chopeza mwayi wolowa Comrades Marathon. Mu 2025 munthu ankafunika kukhala atamaliza makilomita 42.195 pasanathe maola 4 ndi mphindi 50, kutanthauza kilomita iliyonse m'mphindi zosakwana 7. Mu Malichi ena amapita ku Om Die Dam, makilomita 50 ozungulira damu la Hartbeespoort. Mu Epulo kumakhala Two Oceans ku Cape Town, makilomita 56 odutsa Chapman's Peak ndi Constantia Nek, mpikisano womwe unayamba mu 1970 ndipo mu 1998 unawonjezera wa makilomita 21 wa iwo amene safuna mtunda wautaliwo. Gerda Steyn anapambana Two Oceans kachisanu ndi chimodzi mu 2025. Anthu masauzande amene anafika maola angapo pambuyo pake anapita kwawo ndi mendulo, ndi miyendo yodziwa kuti Juni wayandikira.

Comrades ndiye msana wa chaka chonsechi, ndipo aliyense wokonza mipikisano ayenera kuuphunzira mofatsa. Unayambitsidwa ndi Vic Clapham, msilikali wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pofuna kukumbukira anzake amene anafera kunkhondoko. Pa 24 Meyi 1921 anthu 34 ananyamuka ku Pietermaritzburg kulowera ku Durban, ndipo 16 okha ndi amene anafika. Wopambana, Bill Rowan, anatenga maola 8 ndi mphindi 59. Kuyambira pamenepo njira imasinthana: chaka china amatsika kupita kunyanja ku Durban, chaka china amakwera kubwerera ku Pietermaritzburg. Mu 2025, pa 8 Juni, chinali chaka chotsika, ndipo mtunda unali pafupifupi makilomita 90. Kuno kwathu ndiye kuti munthu wanyamuka wapansi ku Lilongwe, wafika pa boma la Dedza, n'kupitirirako pang'ono. Anthu oposa 20,000 ananyamuka tsikulo, ndipo oposa 18,000 anamaliza nthawi isanathe.

Poyambira pamaimbidwa Shosholoza, nyimbo ya anthu a m'migodi yomwe agogo athu amene anapita ku Wenela ankaidziwa. Kenako pamamveka mawu ojambulidwa a Max Trimborn akulira ngati tambala, mwambo womwe iye anauyambitsa kalekale, ndiyeno mfuti. Panjira pali zitunda zisanu zomwe wothamanga aliyense amazitchula pamtima: Polly Shortts, Inchanga, Botha's Hill, Fields Hill ndi Cowies Hill. Pakati pa ulendo ndi pa Drummond. Kufupi ndi Inchanga, ana a sukulu ya Ethembeni, yomwe imaphunzitsa ana olumala ndi osaona bwino, amandanda m'mbali mwa msewu kugwira manja a odutsa. M'matebulo mumakhala madzi a m'timapepala, zakumwa zotsekemera, nthochi, malalanje ndi mbatatesi yophika yothira mchere, yomwe pa kilomita ya 60 imakoma kuposa nyama. Palinso magulu omwe othamanga amawatcha mabasi: munthu wodziwa njira amanyamula kambendera kolembedwa nthawi yomwe akufuna kukafikira, ndipo anthu mazana amamutsata, iye n'kumawauza pothamanga ndi poyenda. Amene amati kutsika n'kosavuta sanaone anthu akutsika Fields Hill ntchafu zitauma, ena akuyenda chafutambuyo kuti ululu uchepe.

Mu 2025 kutsogolo zinali zokoma kuonera. Tete Dijana anapambana m'maola 5, mphindi 25 ndi masekondi 28, ndipo Piet Wiersma wa ku Netherlands anafika patangodutsa masekondi 5. Gerda Steyn anapambana kachinayi mbali ya amayi. Koma nzeru za Comrades zimaonekera pa mamendulo. Golide ndi wa amuna 10 oyamba ndi amayi 10 oyamba. Wofika pasanathe maola 7 ndi theka amalandira siliva. Wofika pasanathe maola 9 amalandira mendulo ya Bill Rowan, kusonyeza kuti akanapambana mpikisano woyamba uja. Pasanathe maola 10 pali ya Robert Mtshali, pasanathe maola 11 pali ya mkuwa, ndipo pasanathe maola 12 pali ya Vic Clapham. Dzina la mwini mpikisano analipereka kwa otsiriza. Munthu aliyense, kaya ndi wa liwiro lotani, ali ndi mzere wake woti aulimbirane, ndipo amene chaka chino walandira ya Clapham amayamba Januwale akulota ya mkuwa. Womaliza ka 10 amapatsidwa nambala yobiriwira yomwe imakhala yake moyo wonse. Mu 2025 Louis Massyn anakhala munthu woyamba kumaliza Comrades ka 50. Mu 2023 Johannes Mosehla wa ku Limpopo anamaliza ali ndi zaka 81, pasanathe maola 9 ndi theka, n'kuposa mbiri ya Wally Hayward yemwe anamaliza mu 1989 ali ndi zaka 80.

Gulu lalikulu limafika m'maola awiri omaliza, ndipo nthawi imeneyi ndi yomwe anthu amaunjikana pa wailesi yakanema. Maola 12 akamakwana, mkulu wa mpikisano amaima pamzere atafulatira othamanga kuti nkhope ya munthu isamugwetse mphwayi, n'kuwomba mfuti. Amene watsala ndi mapazi awiri salandira kanthu. N'zouma mtima, ndipo aliyense amene anaonerapo anthu akukokana, kunyamulana, kukwawa kuti adutse mzerewo amadziwa kuti misozi imatuluka yokha. Komabe taonani chimene chachitika: msewu waukulu wa pakati pa mizinda iwiri watsekedwa tsiku lonse, madzi akadalipo patebulo lomaliza, makamera akadali pamalo, zonsezi chifukwa cha munthu amene amathamanga kilomita m'mphindi 8.

Ulemu umenewu sunabwere wokha. Kwa zaka zoposa 50 amayi ndi anthu akuda sankaloledwa kulowa mpikisanowu. Frances Hayward anathamanga mu 1923 ndipo Robert Mtshali mu 1935, onse osawerengedwa, osapatsidwa mendulo ya mpikisano. Chitseko chinatseguka mu 1975, ndipo Sam Tshabalala anakhala munthu wakuda woyamba kupambana mu 1989. Kenako Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe anapambana katatu kotsatizana, kuyambira 2009 mpaka 2011. Dijana mwiniwake ankagwira ntchito ya ulonda pa North-West University ku Mahikeng pamene ankapambana koyamba mu 2022, ndipo mu 2023 anaika mbiri ya njira yotsika ya maola 5, mphindi 13 ndi masekondi 58. Akatswiri otere sagwa kumwamba. Amatuluka m'gulu lomwelo la alonda, amisiri ndi aphunzitsi, pamene gululo lakula ndipo lili ndi kothamangira sabata ndi sabata.

Sikuti zonse za kumeneko n'zoti titengere. Makilomita 90 si mankhwala a munthu aliyense, ndipo anthu ena amwalirapo pa mpikisanowu. Wothamanga wamba woona mtima akamawerengera chaka amawerengeranso milungu yomwe anakhala pansi chifukwa cha chidendene kapena msana, kawirikawiri chifukwa chowonjezera mtunda mofulumira kapena kulowa mipikisano yambiri motsatizana. Amawerengera ndalama zolembetsera, za nsapato zomwe zimatha pakangopita miyezi, za maulendo. Amawerengeranso m'mawa wa Lamulungu womwe banja linamusowa. Choti titengere si kutalika kwa mtunda ayi, koma kusamala kwa okonza.

Miyendo ku Malawi ilipo. Catherine Chikwakwa anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pampikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto m'dziko la Italy mu 2004. Amene anaonerapo Porters Race paphiri la Mulanje amadziwa mmene anyamata ndi atsikana a kumeneko amatsikira miyala yomwe mlendo amaitsika chokhala pansi. Mipikisano ya pamsewu nayo ilipo: wa makilomita 42.195 wa mu Blantyre unatsitsimutsidwa mu 2018, ndipo ku Lilongwe kuli Be More Race ya Standard Bank, yomwe imapereka mitunda ya makilomita 21, 10 ndi 5. Amene anayambitsa zimenezi ayamikidwe. Komanso aliyense wodzuka m'mamawa amaona anthu akupanga mafizo m'mbali mwa Masauko Chipembere Highway ku Blantyre ndi m'misewu ya ku City Centre ku Lilongwe, ena ndi nsapato za pakaunjika, ena m'magulu ovala zofanana.

Vuto ndi lakuti masiku akuluakulu awiri kapena atatu sapanga chaka. Munthu amene wathamanga makilomita 10 lero, thupi likumukoma, amafuna kudziwa kuti wotsatira ndi liti, kuti akonzekere. Akapanda kumva kanthu kwa miyezi, nsapato zimabwerera pansi pa bedi. Ndipo tikamakamba za mipikisano yathu, nkhani imathera pa atatu oyamba ndi macheke awo. Mayi amene wamaliza makilomita 21 m'maola atatu, atayamba kuthamanga chaka chomwecho, dzina lake silimveka, chonsecho iyeyo ndi anzake ndi amene amadzaza msewu, kulipira zolembetsera ndi kuchititsa kuti kampani ione phindu lothandiza mpikisano.

Ena adzati zothamanga popanda wokuthamangitsa ndi za anthu okhuta, poti Mmalawi wa kumudzi amalima, amatunga madzi, amapalasa kabaza tsiku lonse. Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo wolima dimba safunika kuuzidwa za mafizo. Koma m'matauni moyo wasintha. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la World Health Organization wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'dziko muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Bungwe lomweli limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata, kapena 75 ngati ndi zamphamvu monga kuthamanga. Uphungu woterewu munthu amaumva kuchipatala n'kuuiwala pofika pageti. Chimene chimamudzutsa m'mawa wa mu Juni, kukuzizira, ndi tsiku lolembedwa pakalendala ndi anzake omwe akumudikira pamphambano. Ndipo mnyamata wa kabaza uja, akapeza mpikisano wotchipa pa boma la kwawo, mwina ndiye katswiri yemwe dziko likumusaka.

Zofunika si zodula kwenikweni. Mtunda uyezedwe moona, ndi njinga yokhala ndi kachipangizo kowerengera monga amachitira kwina konse, chifukwa munthu amene akulimbana ndi nthawi yake ya chaka chatha amabedwa ngati makilomita 10 ali 9 ndi theka. Nthawi ya aliyense, mpaka wotsiriza, ilembedwe ndipo itulutsidwe poyera. Madzi asathe gulu la kutsogolo likangodutsa. Apolisi a pamsewu asatsegule njira opambana akangolandira mphoto, n'kusiya agogo ndi ongoyamba kumene akulimbana ndi maminibasi. M'miyezi yotentha mpikisano uyambe kusanache. Nkhani ya chitetezo cha amayi othamanga m'mamawa, amene amakumana ndi mawu achipongwe ndi mdima wa m'misewu yopanda magetsi, ndi chifukwa china chokhalira ndi makalabu, poti pagulu munthu sachita mantha.

A Athletics Malawi ndi a Malawi National Council of Sports akhale pansi ndi makampani ndi magulu a othamanga, atulutse masiku a mipikisano ya chaka chonse mu Januwale, ndipo masikuwo asamasunthidwe mwachisawawa. Makampani omwe amaika ndalama zambiri pa mphoto za atatu oyamba apatuleko zina zogulira madzi, mawotchi ndi mamendulo a mipikisano ing'onoing'ono ya makilomita 5 ndi 10 ku Zomba, Kasungu, Mangochi, Karonga ndi m'maboma ena. Ndipo inu amene mumathamanga kale m'magulu m'mawa uliwonse, musadikire ofesi iliyonse: sankhani njira ya makilomita 5 yopanda magalimoto ambiri, gwirizanani tsiku limodzi pasabata, wina agwire wotchi ndi kope, wina aziyenda kumbuyo kwa onse, ndipo muitane aneba amene sanathamangepo.